Kudwazika ndi Kukhazika Mtima Pansi: Mbiri ya Chisamaliro cha Odwala Kwambiri ku Chileka ndi ku Lirangwe

Kudwazika ndi ntchito yakale kuposa chipatala chilichonse cha m'boma la Blantyre. M'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe, munthu akagwidwa ndi matenda a mgonagona, abale ake amadziwa kuti zofunika kusamala zilipo ziwiri: thupi lomwe likuphwanya ndi mtima womwe wagwidwa ndi mantha. Mankhwala asintha kwambiri m'zaka 150 zapitazi, kuchoka pa mizu ndi makungwa kufika pa ma ARV ndi mofini, koma ntchito yokhazika pansi mtima wa wodwala sinathe ayi. Inayamba ndi mbumba, mipingo ndi mizikiti inadzaisenzako, kenaka kunabwera anthu odzipereka a m'midzi ndi anamwino ophunzira za ululu. Yoga ndi kusinkhasinkha mwakachetechete, zomwe zipatala za maiko ena zimagwiritsa ntchito pothandiza odwala khansa, zafika m'mbuyo mwa zonsezi, ndipo phindu lake limaoneka bwino zikaikidwa pambali pa zomwe zinalipo kale.

Dera ndi eni ake

Chileka ili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Blantyre, kuseri kwa phiri la Michiru, m'dera la mfumu Kuntaja. Lirangwe ili chakumpoto, pa msewu wa M1 munthu akadutsa Lunzu polowera ku Mdeka ndi ku Zalewa, ndipo njanji yopita ku Balaka ndi ku Salima, yomwe inatsegulidwa mu 1935, imadutsa pomwepo. Madera onse awiri ndi otsika poyerekeza ndi mzindawo, otentha, ndipo mvula yake ndi yosadalirika. Amang'anja ndiwo anayamba kukhalako, Ayao anafika m'zaka za m'ma 1860, ndipo Angoni ndi Alomwe anadzawapeza pambuyo pake.

Mabanja ambiri a kuno amatsata chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, ana amakhala a kuchikazi, ndipo mwini mbumba, yemwe kawirikawiri ndi malume, ndiye amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Dongosolo limeneli ndilo linkagamula za wodwazika. Mayi akadwala, omusamala ankakhala pafupi: amayi ake, achemwali ake, ana ake aakazi. Mkamwini akadwalika, ankhoswe ankatumiza uthenga kwawo kuti matenda akula, ndipo nthawi zambiri abale ake ankabwera kudzamutenga kuti akamudwazike okha.

Kudwazika kwa makolo

Wodwala kwambiri sankasiyidwa yekha, makamaka usiku. Ankamugoneka pamphasa pafupi ndi moto, wodwazika nagona pambali pake kuti amve akabuula. M'mawa ankamusambitsa, kumumwetsa phala la madzimadzi pang'onopang'ono, ndi kumutulutsa panja kuti aothere dzuwa, dzuwa likakula namusunthira pamthunzi. Pomwe pakupweteka ankamuthowa: kansalu kapena masamba amaviikidwa m'madzi otentha, amafinyidwa, kenaka amadindidwa pamalopo mobwerezabwereza mpaka minofu itamasuka. Miyendo yozizira ankaitikita ndi mafuta a nsatsi. Wa chifuwa ankamufukiza nthunzi ya masamba atamufunditsa nsalu. Zonsezi zinali mankhwala a thupi, komanso zinkamuuza wodwala kuti sanatayidwe.

Kuzonda matenda kunali lamulo losalembedwa la mudzi wonse. Wozonda sabwera chimanjamanja. Amatenga kaufa, nkhuni, thobwa kapena nkhuku ngati ali nayo. Akafika amaodira, amakhala pansi, nayamba kulonjerana ndi wodwazika: "Pepanitu ndi matendawa. Agona bwanji?" Wodwazika amafotokoza mmene usiku wathera, zomwe wodwala wadya ndi zomwe wakana. Kenaka mlendo amasendera kwa wodwala, amalankhula naye motsitsa mawu, ndipo mawu akatha amangokhala chete pambali pake kwa kanthawi. Munthu wosazonda anzake ankadziwika, ndipo tsiku lake likafika ankaona yekha kuchepa kwa mapazi pakhomo pake.

Mantha aakulu a wodwala sankakhala a ululu wokha. Ankafuna kudziwa chomwe chamugwetsa: kodi ndi mizimu ya makolo yomwe yakwiya, ndi mdulo chifukwa wina walumpha mwambo, kapena pali munthu wamuchita chipongwe? Abale ankapita kwa sing'anga kukaombeza ula, ankathira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mtengo, ndipo okangana ankaitanidwa kuti alankhulane ndi kukhululukirana. Njira imeneyi inali ndi mbali yake yowawa, chifukwa nkhalamba ndi anthu osalakwa ankanamiziridwa ufiti, mabanja n'kupasuka. Komabe inkazindikira chinthu chomwe madokotala anadzachitsimikiza pambuyo pake, chakuti munthu wa nkhawa ndi wa chidani mumtima amamva ululu woposa.

Mwambowu unkadalira nkhokwe. Njala ya mu 1949 inakantha kwambiri boma la Blantyre, ndipo katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1987, anasonyeza kudzera m'zokamba za amayi ndi nyimbo zawo za pamtondo mmene amuna ambiri anachokera n'kusiya akazi, ana ndi okalamba opanda wowathandiza. Chakudya chikasowa, ofooka ndiwo ankayamba kusowa wowadwazika.

Mishoni, chipatala ndi pemphero

Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 ndi mpingo wa Church of Scotland, ndipo chipatala chinali gawo la ntchito yake kuyambira pachiyambi. Dr Neil Macvicar, yemwe anagwira ntchito pamishonipo kuyambira mu 1896, anaphunzitsa anyamata a kuno ntchito yothandiza dokotala. Mu 1958 boma linatsegula chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe anthu amachitcha Gulupu. Ku Lunzu kuli chipatala cha Mlambe cha mpingo wa Katolika, ndipo ku Chileka, ku Lirangwe ndi ku Mdeka kuli zipatala zazing'ono. Popeza boma la Blantyre lilibe chipatala cha boma chapakati monga maboma ena, matenda akakula ulendo umakhala wa ku Mlambe kapena ku Gulupu.

Chipatala sichinathetse kudwazika, chinangokusamutsira m'wodi. Wodwala aliyense wogonekedwa amapita ndi gadiyani wake, amene amamusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza, kuitana namwino zinthu zikavuta, ndi kugona pansi pambali pa bedi. Gadiyani amakhala mayi, mchemwali kapena mkazi wa wodwala nthawi zambiri, ndipo amasiya munda ndi ana kumudzi kwa masabata.

Zipembedzo zinabweretsa njira zatsopano zotonthozera mtima. Amayi a Mvano a mpingo wa CCAP, a Dorika a mpingo wa Seventh-day Adventist, ndi miphakati ya Akatolika yomwe inafala kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anasandutsa kuzonda odwala kukhala ntchito ya mpingo ya sabata ndi sabata. Amafika pagulu, amasesa, amatunga madzi, amaimba nyimbo zomwe wodwala amazidziwa kuyambira ali mwana, amawerenga mawu napemphera. Akatolika amapemphera korona, kubwereza mapemphero omwewo mofatsa chala chikuyenda pamikanda. Asilamu amachita duwa ndi kuwerenga tasibihi, ndipo pakati pa Ayao a gulu la Qadiriyya pali sikiri, yomwe amuna amaima mozungulira n'kumatchula dzina la Mulungu mogwirizana ndi kapumidwe kakuya. Kubwereza mawu opatulika, kupuma motsata kayendedwe kamodzi ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi zinali zodziwika m'derali dzina la yoga lisanamveke.

Zaka za Edzi

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985. Chaka chimenecho, mwa amayi 100 oyembekezera omwe ankayezedwa ku Gulupu, awiri okha ndiwo ankapezeka ndi kachilombo ka HIV. Pofika mu 1996 chiwerengerocho chinapitirira 30. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, odwala 7 mwa 10 aliwonse ogonekedwa m'mawodi a matenda a akuluakulu pachipatalapo anali ndi kachilomboka. Mabedi anachepa, ndipo ambiri ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Anthu omwe anapita kukagwira ntchito ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Joni ankabwerera kwa amayi awo ku Chileka ndi ku Lirangwe ataonda, akutsegula m'mimba, akutsokomola.

Mwambo wa kudwazika unayesedwa kuposa kale lonse. Odwala anali a misinkhu yomwe inkayenera kudwazika ena, choncho katundu anagwera agogo ndi ana a sukulu. Manyazi ndi kusalana zinachepetsa ozonda. Matendawa sankatchulidwa dzina. Ankangoti kaliwondewonde, kapena matenda a boma. Ludzu la chiyembekezo linaoneka poyera mu 1995, pomwe makamu a anthu ochokera m'zigawo zonse anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, yemwe ankati analota mankhwala ochiza Edzi. Mankhwalawo sanachize munthu.

Pa nthawi yomweyo kunabadwa magulu osamalira odwala kumudzi, okhazikitsidwa ndi mipingo, mabungwe ndi mafumu. Anthu odzipereka, ambiri mwa iwo amayi, ankaphunzitsidwa kwa masiku ochepa napatsidwa thumba la magolovesi, sopo, panado ndi mankhwala a zilonda. Ankayenda khomo ndi khomo, nthawi zina pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, kuphunzitsa abale kasamalidwe ka wodwala ndi kukhala naye pansi kuti atulutse za kukhosi. Boma linakhazikitsa National AIDS Commission mu 2001, ndipo mu 2004 ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma ndi thandizo la Global Fund. Anthu ambiri omwe anali gone anadzuka. Magulu a anthu omwe ali ndi kachilombo, okumana kuti alimbikitsane, anabwezeretsa zina zomwe kusalana kunaononga.

Chisamaliro chochepetsa ululu

Ma ARV sanathetse matenda a mgonagona. Khansa ya pakhungu ya Kaposi, khansa ya khomo la chiberekero ndi khansa ya kummero ndi zofala m'chigawo cha kummwera, ndipo odwala ambiri amafika kuchipatala matenda atalowerera. Palinso kufa ziwalo, matenda a mtima, a impso ndi a chiwindi. Kwa odwala otere kunabwera nthambi ina ya zachipatala, yomwe cholinga chake si kuchiza koma kuchepetsa kuvutika.

Nthambiyi inayambira ku London, komwe Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice mu 1967. Iye anaphunzitsa kuti ululu wa wodwala kwambiri uli ndi mbali zinayi: ya thupi, ya maganizo, ya pabanja ndi ya uzimu, ndipo kusamala imodzi n'kusiya zinazo ndi kugwira ntchito yosatha. Mu Africa, Island Hospice inayamba ku Zimbabwe mu 1979, ndipo mu 1993 Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda, yomwe inasonyeza kuti mofini wakumwa, wosungunula m'madzi, ndi wotsika mtengo ndipo wodwala akhoza kumwera kunyumba maola anayi aliwonse.

Ku Gulupu, ntchito ya Umodzi yosamalira ana inayamba mu 2002, ndipo ya Tiyanjane yosamalira akuluakulu inatsatira mu 2003 motsogozedwa ndi Dr Jane Bates. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 2005, Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo ku Salima mu 2007, ndipo mu 2014 boma linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse ya chisamalirochi, chaka chomwecho msonkhano waukulu wa World Health Organization utapempha maiko onse kuti achiike m'zipatala zawo. Namwino wa nthambiyi safunsa za pomwe pakupweteka pokha. Amafunsanso ngati wodwala akugona tulo, chomwe chikumudetsa nkhawa, amene adzasamale ana, ndiponso ngati akufuna abusa, ansembe kapena shehe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho mawu a wodwala ndiwo amatsogolera.

Yoga ndi kusinkhasinkha

Yoga inachokera ku India, komwe yakhala gawo la chipembedzo cha Ahindu ndi zipembedzo zina kwa zaka zoposa 2,000. Buku lakale la Patanjali limaifotokoza ngati njira ya masitepe 8 yophatikiza makhalidwe abwino, kakhalidwe ka thupi, kulamulira mpweya ndi kusonkhanitsa maganizo. Swami Vivekananda anaitchukitsa ku America atalankhula ku Chicago mu 1893, ndipo m'zaka 100 zotsatira inafalikira ngati masewera olimbitsa thupi. Mu 1975 Herbert Benson, dokotala wa mtima wa ku Harvard, analemba kuti munthu akakhala phee n'kumabwereza liwu limodzi kapena pemphero, mtima umagunda mofatsa ndipo kupuma kumatsika, ndipo anaona kuti mchitidwewu umapezeka m'zipembedzo zambiri. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayambitsa pa University of Massachusetts maphunziro a masabata 8 a odwala matenda okhalitsa, ophatikiza kusinkhasinkha, kumvetsera ziwalo za thupi chimodzichimodzi, ndi yoga yopepuka.

Akatswiri ayesa njirazi kwa odwala khansa. Mu 2017 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 24 wokhudza amayi 2,166 odwala khansa ya m'mawere, ndipo linapeza kuti yoga imachepetsa kutopa ndi kusowa tulo, komanso imathandiza pa nkhawa ndi kukhumudwa. Mu 2023 bungwe la madokotala a khansa ku America, pamodzi ndi Society for Integrative Oncology, linavomereza kusinkhasinkha ndi yoga ngati njira zothandizira odwala khansa omwe ali ndi nkhawa. Phindu lake lili pamenepo. Sizichiza khansa, sizipha kachilombo, ndipo sizilowa m'malo mwa mofini.

Ku Malawi yoga yayenda pang'onopang'ono. Amwenye anayamba kufika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ena ngati asilikali a boma la atsamunda, ambiri ngati amalonda, ndipo masitolo awo anafika m'misika ya kumidzi. Ambiri anali Asilamu, ndipo Ahindu omwe analipo ankasunga mapemphero awo m'nyumba ndi m'kachisi wawo osawafalitsa. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuchoka kumidzi n'kukakhala m'mizinda. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 2000, wansembe wachibuda wa ku Taiwan, Hui Li, anatsegula Amitofo Care Centre kufupi ndi Blantyre, komwe ana amasiye amaphunzira kusinkhasinkha. United Nations inasankha 21 Juni kukhala tsiku la yoga padziko lonse kuyambira mu 2015, ndipo ofesi ya kazembe wa India imakonza zochitika za tsikuli. Ngakhale zili choncho, yoga idakali ya m'tauni, ya m'malo olimbitsira thupi ndi ya pa YouTube. Kumidzi siinazike mizu, ndipo Akhristu ndi Asilamu ena amaikayikira poiona ngati kupembedza kwachilendo.

Pomwe njirazi zikumanirana

Zomwe zafika pamphasa ya wodwala wa kumudzi si dzina la yoga koma zina mwa zochita zake, kudzera mwa anamwino ndi madokotala a mafupa ndi minofu. Wodwala wobanika amamukhazika tsonga ataweramira kutsogolo pang'ono, mikono itatsamira pa pilo kapena pa mpando. Zenera limatsegulidwa, wina namamukupiza kumaso ndi chikatoni. Wodwazika amaika dzanja paphewa pake n'kumuuza kuti akoke mpweya ndi mphuno, atulutse pang'onopang'ono ndi milomo yotseka pang'ono, kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka. Mapewa akatsika, mantha amachepa, ndipo mantha akachepa kubanikako kumachepanso. Wofa ziwalo amamuongola ndi kumupinda mikono ndi miyendo tsiku ndi tsiku kuti mfundo zisaume, monga amaphunzitsira ku Kachere Rehabilitation Centre mu Blantyre. Zonsezi sizifuna ndalama, ndipo zimatheka pamodzi ndi nyimbo ya mpingo, korona kapena tasibihi, malinga ndi chikhulupiriro cha wodwala.

Pali malire ofunika kuwasunga. Munthu yemwe khansa yalowa m'mafupa, yemwe wangochitidwa opaleshoni kapena wa magazi ochepa sayenera kupindidwa kapena kukakamizidwa masewera popanda uphungu wa kuchipatala. Wodwala sayenera kuuzidwa kuti matenda akukula chifukwa sakulimba mtima kapena chikhulupiriro chake n'chochepa, chifukwa mawu otere amamusenzetsa mlandu pamwamba pa ululu. Choopsa kwambiri ndi kusiya mankhwala. Dziko lino lataya anthu omwe anataya ma ARV atauzidwa kuti apemphereredwa ndipo achira, ndipo njira iliyonse yotonthoza mtima, yakale kapena yachilendo, ikamutalikitsa munthu ndi chipatala imasanduka yakupha.

Wodwazika nayenso ndi wofunika chisamaliro. Mayi yemwe wagona pansi miyezi, osalima, akugulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya kabaza ndi minibasi yopita ku Gulupu, amatopa thupi ndi maganizo omwe. Kafukufuku wochitika ku Blantyre wasonyeza kuti khansa imalowetsa mabanja ambiri mu umphawi chifukwa cha maulendo a kuchipatala ndi kuima kwa ntchito. Kupuma mofatsa kukhoza kumupatsa tulo mayi wotere, koma chomwe chimamupulumutsa ndi achibale olandirana naye ntchito, mpingo wobwera ndi ufa, ndi chipatala chapafupi chokhala ndi mankhwala.

Lero chisamaliro cha odwala kwambiri ku Chileka ndi ku Lirangwe chaima pa mizati inayi yomwe inaikidwa nthawi zosiyana: mbumba yomwe imadwazika, zipembedzo zomwe zimazonda ndi kupemphera, anthu odzipereka ndi alangizi a zaumoyo omwe anakula m'zaka za Edzi, ndi zipatala zomwe zimapereka mankhwala a ululu. Katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, ndipo kuyeza amayi msanga kukufalikira, zomwe zidzachepetse odwala ofika mochedwa. Zovuta zotsala ndi mtunda wopita ku chipatala chachikulu, kuchepa kwa anamwino ophunzira za ululu, ndi kusowa kwa mankhwala nthawi zina. Njira za kapumidwe, kuongola thupi ndi kusinkhasinkha zikhoza kuphunzitsidwa kwa magadiyani, amayi a mipingo ndi magulu a m'midzi m'Chichewa ndi m'Chiyao, mosatsutsana ndi chipembedzo cha wodwala, ngati chowonjezera pa mankhwala ndi pa mwambo wa kudwazika womwe anthu a m'derali akhala nawo kuyambira kale.